Amalume akuti mwala wa golide ndi "ndalama", zoona?

Mdzukulu wa ku Mufakose:
Abale ndithandizeni. Loweruka pamaliro ku Mbare, muno mu Harare, mlamu wanga amene amakorokoza (kukumba golide payekha) ku Mazowe anatisonyeza chithunzi cha kamwala ka golide, kukula ngati njere ya chimanga. Ine ndinati nageti. Amalume anandidzudzula pagulu: "Iwe, imeneyo ndi ndalama." Ndinafunsa kuti ikhala bwanji ndalama isanagulitsidwe, iwo anangopukusa mutu.

Mchona wa ku Highfield:
Amalume anuwo sanalakwe. Ashona mpaka lero golide amati ndarama, tsegulani Baibulo lawo muone. Agogo anga anagwira ntchito ku mgodi wa golide wa Cam and Motor ku Kadoma, ndipo ankati "ndalama ya m'nthaka". Mawuwa ndi a Aluya, dirham, ndipo Aluyawo ankagula golide wa dziko lino la Zimbabwe kudzera ku doko la Sofala.

Mayi wa ku Dzivarasekwa:
Ayi bambo, ndalama ndi ya m'thumba. Agogo anga aakazi ankati nsangalabwi ya golide. Ndikuwaona mpaka pano atakhala pakhonde, akusalaza mbiya ndi nsangalabwi, ife tikuba zing'onozing'ono kukasewerera phada. Ankatiuza kuti golide wa mumtsinje amasalala chimodzimodzi, madzi amakhala atamukwecha zaka ndi zaka.

Mchona wa ku Highfield:
Nsangalabwi ndi mwala wamba mayi. Mungagule nayo mchere?

Wokorokoza:
Ife timapeza fumbi nthawi zambiri, timaligwira ndi mekyule. Kamphumphu kamapezeka mwa apo ndi apo, kamatsalira pansi pa mbale chifukwa golide amalemera kuposa madzi ka 19. Chenjeraninso ndi mwala wonyezimira uja, pyrite. Golide ukamumenya ndi hamala amaphwatalala, winayo amangonyenyeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Za dzinazo kanganani, ku Fidelity ku Msasa, kumene amagula golide, amangoika pasikelo.

Mayi wa ku Dzivarasekwa:
Mwamva? Kamatsalira pansi pa mbale, mumtsinje. Nsangalabwi imeneyo.

Mphunzitsi wopuma:
Ku Australia mu 1869 anafukula nageti ya golide yotchedwa Welcome Stranger, yolemera makilogalamu pafupifupi 70, pafupi ndi mizu ya mtengo, osati m'madzi. Imeneyonso ndi nsangalabwi? Kwathu ku Dedza tikanati chibulumwa.

Mayi wa ku Dzivarasekwa:
Chibulumwa ndi cha dothi, mvula ikagwa chimasungunuka. Aphunzitsi, nsangalabwi yaikulu ndi nsangalabwi basi. Agogo anga sanapite kusukulu koma Chinyanja ankachidziwa.

Mchona wa ku Highfield:
Chondiwawa ine ndi china. Adzukulu anga ngakhale "ndalama" ya m'thumbayo saidziwa, ndi "mari" yokhayokha. Ukawapatsa moni m'Chichewa amayankha m'Chishona, pena Chingerezi. Kutchalitchi kwathu nyimbo amayimba bwino, koma afunseni tanthauzo lake.

Mphunzitsi wopuma:
Ndiye a kumudzi ndi abwinoko? Mphwanga wa ku Lilongwe amalemba "madola", "bho", "shapu". Sindimva n'komwe.

Mdzukulu wa ku Mufakose:
Ndawaimbira amalume. Nsangalabwi aikana, chibulumwa aseka. Akuti ndipite Lamlungu ndi shuga ndi buledi akandiuze bwinobwino.

Mayi wa ku Dzivarasekwa:
Mukawafunse ngati anaumbapo mbiya.