Kodi "tidy" ndi "neat" ndi mawu amodzi? Anachokera kuti?

Nabanda: Akuluakulu, ndithandizeni. M'mabuku a Chingerezi ana amawerenga kuti "neat and tidy". Kodi mawu awiriwa amasiyana pati? Nanga "tidy" ali pa ubale ndi "tide", kukwera ndi kutsika kwa madzi a m'nyanja yamchere, kapena angofanana kalembedwe?

Aphiri: Mayi, mwalasa, ubale ulipo. M'Chingerezi chakale "tid" ankatanthauza nthawi kapena nyengo, ndipo tanthauzoli latsalira m'mawu ngati "Yuletide", nyengo ya Khirisimasi. Madzi a m'nyanja yamchere amakwera pafupifupi kawiri patsiku, pa nthawi yodziwika, n'chifukwa chake dzinali linasamukira kumeneko. Choncho "tidy" atayamba kulembedwa m'zaka za m'ma 1200 ankanena chinthu chofika pa nyengo yake, chooneka bwino, monga mbewu zochita bwino kapena chiweto chonenepa. Tanthauzo la dongosolo linakhazikika mochedwa, cha m'ma 1700. Achibale ake, "zeitig" wa Chijeremani ndi "tijdig" wa Chidatchi, mpaka lero amanenabe za nthawi.

Nangozo: Ndiwonjezere za "neat", poti njira yake ndi ina. Analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1500 kuchokera ku Chifalansa "net", amene anachokera ku Chilatini "nitidus", chonyezimira. Mtima wake ndi kuyera kopanda chosakaniza. "Net pay", malipiro otsala akachotsa msonkho, ndi muzu womwewo, ndipo mowa wa whisky wosathira madzi amati "neat".

Ambewe: Apa ndi pamene ophunzira amapunthwa, chifukwa zonsezi amazimasulira kuti ukhondo. Chipinda chokolopa bwino koma nsapato zili mbwee pakhomo, malaya ali pampando, ndi "clean" koma si "tidy". Chipinda chimene mabuku asanjidwa, bulangete lapindidwa, koma pawindo pali fumbi, ndi "tidy" koma si "clean". "Neat" amayenera kwambiri zilembo za m'kope ndi kavalidwe.

Samalaninso kalembedwe. Chilembo y chimasanduka i: tidier, tidiest, tidied, tidiness, koma "tidying" amasunga y kuopa ma i awiri ogundizana. Ndipo mukawerenga "a tidy sum" musaganize ndalama zosanjidwa bwino. Ndi ndalama zambiri ndithu, tanthauzo lakale lija la chinthu chonenepa.