Kodi kusungulumwa ndi kuchepa kwa chikhulupiriro?

Mayi wa ku Kabwata: Abale ndi alongo mwa Ambuye, chimwalirireni amuna anga, ana anabwerera kuntchito zawo ku Kitwe, ndipo madzulo ndikaphika nsima ya munthu mmodzi mtima umandiwawa kwambiri. Ndimapemphera ndithu, koma kusungulumwa sikuchoka. Kodi chikhulupiriro changa chachepa?

Bambo wa ku Matero: Pepani amayi, sichinachepe ayi. Werengani 1 Mafumu 19. Eliya, mneneri wamphamvu uja, anathawira kuchipululu akudandaula kuti watsala yekha, koma Mulungu sanayambe ndi kumudzudzula. Anamutumizira mngelo ndi mkate ndi madzi, namulola kugona, kenaka anamuuza kuti mu Israeli munali anthu 7,000 amene sanagwadire Baala, namupatsanso Elisa woti aziyenda naye.

Mayi wa ku Chilenje: Anzanga, musadzitsekere m'nyumba. Ngati muli a mpingo wa Reformed Church in Zambia (RCZ), uzani amayi a Chigwirizano kuti azikuyenderani; ngati ndinu Akatolika, pitani kumphakati. Ambiri amaganiza kuti wamasiye akufuna kupumula, n'chifukwa chake amaleka kubwera maliro akatha.

Mayi wa ku Kabwata: Zikomo kwambiri. Lamulungu lino ndikalankhula ndi amayi abusa tikaweruka.