Geti lachitsulo la kuseri kwa nyumba: ligwire pakhoma kapena pansanamira?

Mayi wa ku Area 25

Moni nonse. Ndikufuna kuika geti lachitsulo kuseri kwa nyumba, potulukira ku kanjira kakumbuyo. Mpanda ndi wa mabuloko, wautali mamita 2, ndipo mpata umene amisiri anasiya ndi mita imodzi ndi masentimita 20. Sipadutsa galimoto ayi, ndi anthu basi, komanso wilibala ya zinyalala ndi matumba a makala. Owotcherera awiri andipatsa mitengo yotalikirana kwambiri. Wotchipayo akuti angolowetsa zitsulo m'khoma n'kupachika geti tsiku lomwelo. Winayo akuti pafunika nsanamira zachitsulo zokumbira pansi. Ndimvere uti? Pamalopo dothi lake ndi lamakande, ndipo nthawi yamvula madzi amaima. Ndithandizeninso zitsulo zoyenera kugula, ndisapusitsidwe.

Wowotcherera wa ku Ndirande

Amayi, mverani wachiwiriyo. Mabuloko ambiri ndi amphako mkati, ndiye chitsulo chongolowetsa pamenepo n'kumata ndi simenti sichigwira. Geti likamatsekedwa ndi kutsegulidwa tsiku ndi tsiku chimayamba kugwedera, buloko n'kung'aluka, kenako geti limagwa mphuno n'kumakwekwereza pansi. Mageti ambiri amafera pomwe agwira, osati pathupi lake.

Tiyeni tiwerengere mpata wanuwo. Nsanamira ziwiri za tyubu (chitsulo champhako cha ngodya zinayi) ya mamilimita 75 kwa 75 zidya masentimita 15. Siyani sentimita imodzi pakati pa nsanamira ndi khoma mbali zonse, ndi ena atatu a mipata ya mahinjesi ndi kotsekera. Geti lenilenilo litsala mita imodzi ndendende, ndipo wilibala idutsa bwinobwino. Yezani mpatawo malo atatu, pamwamba, pakati ndi pansi, chifukwa makoma ambiri sali chilili monga amaonekera. Tengani muyezo wochepetsetsa.

Felemu ikhale ya tyubu ya 40 kwa 40, yokhuthala mamilimita 2. Ya 1.6 ingapirire pa geti laling'ono ngati ili, koma musatsike kuposa apo. Apa ndi pamene mitengo imasiyanira: tyubu ya 1.0 kapena 1.2 kunja imaoneka chimodzimodzi, ikapakidwa penti simungaizindikire, koma powotcherera imaboola ndipo dzimbiri limaidya msanga. Mukapita kogula yang'anani kumapeto kwa tyubu kumene inadulidwa, ndipo inyamuleni. Ya 40 kwa 40 kwa 2 imalemera pafupifupi makilogalamu 2.3 pa mita, ndiye yathunthu ya mamita 6 ikhale m'ma 13 kapena 14. Ikapepuka ngati bango, isiyeni. Mufunika ziwiri: imodzi ithera pa felemu, inayo ipereka chopingasa chapakati ndi chopendeketsa, chitsulo chochoka pangodya kupita pangodya yoyang'anana nayo. Nsanamira zikhale zokhuthala mamilimita 3, ndipo tyubu imodzi ikwanira zonse ziwiri, iliyonse mamita 2.7.

Pa zophimba, musankha nokha. Ngati simukufuna odutsa azisuzumira pabwalo, ikani shiti, lata lafulati, ya mamilimita 1.2. Dziwani kuti shiti yotere imawonjezera makilogalamu pafupifupi 19, geti lonse n'kufika m'ma 40, komanso imagwira mphepo ngati thanga la bwato. Mwera ukawomba mu June ndi July geti losakhoma limamenyeka koopsa. Ambiri amaphimba kuchokera pansi mpaka mita imodzi ndi theka, pamwamba n'kuika timatyubu ta 20 kwa 20. Mpata wa pakati pa timatyubuto usapitirire masentimita 10, kuopa mutu wa mwana kapena galu.

Mmisiri asawotcherere ngodya imodzi mpaka kumaliza. Adontheze kaye, kutanthauza kuwotcherera timadontho togwirizira chabe, ngodya zonse zinayi, ayeze ndi tepi kuchokera pangodya kupita pangodya yoyang'anana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyezo iwiriyo ikafanana ndiye kuti felemu yakhala sikweya. Akatero amalize mosinthanasinthana, chifukwa moto umakoka chitsulo ndipo felemu imapindika ngati awotchera mbali imodzi yokha. Ma rodi owotcherera a nambala 6013 a mamilimita 2.5 ndi okwanira, moto wake wapakati, m'ma ampeya 70 kapena 80. Shiti ayidontheze motalikirana masentimita 10 mpaka 15, akaiwotcherera mzere wonse ichita mafunde.

Mmisiri wa zomangamanga, Mzuzu

Achimwene a ku Ndirande anena zoona, ine ndiwonjezere za pansi, chifukwa mwatchula makande. Dothi limenelo limafufuma mvula ikagwa, m'chilimwe n'kuchita ming'alu yolowa dzanja. Nsanamira yosazama imayenda nalo limodzi: geti lomwe limatseka bwino mu February lidzakana kulowa mu October.

Dzenje lililonse likhale masentimita 40 kwa 40, kuya 70. Ngati pa 70 mukadali m'dothi lakuda lomata, pitirizani mpaka 90, ndipo nsanamira muitalikitse moyenera musanadule. Pansi pa dzenje pakhale potambalala kuposa pamwamba, osati ngati mtondo, kuti dothi likamafufuma lisakankhire konkire m'mwamba. Musanakumbe fufuzani mapaipi. Kuseri kwa nyumba ndi kumene kumadutsa paipi yamadzi ndi yopita ku septic tank, ndipo piki imodzi yokha ikhoza kukuonongerani ndalama zoposa za geti. Chinanso, mwina mupeza kuti maziko a mpanda anadutsa pampatapo. Akakhala a konkire yolimba musawaphwanye: wotchererani puleti yokhuthala mamilimita 8 kapena 10 kunsi kwa nsanamira, muimange pamazikowo ndi mabawuti anayi a mamilimita 12. Akakhala ofumbutuka, aswe ndi tchizulo pamalo a dzenje pokha.

Kunsi kwa nsanamira yokwirira wotchererani tizidutswa tiwiri ta chitsulo mopingasa, totalika masentimita 20, kuti isazungulire kapena kuzuka m'konkiremo. Thirani miyala pansi pa dzenje masentimita 10, kenako imikani nsanamira.

Kasakanizidwe: ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga wa kumtsinje, zinayi za miyala ya kwale. Gwiritsani ntchito ndowa imodzimodzi poyeza, osati fosholo, chifukwa fosholo ya mchenga wonyowa ndi ya simenti sizifanana. Mchenga wa kudambo uli ndi dothi, ndi wabwino pomangira koma umafooketsa konkire. Maenje awiriwo adya thumba limodzi ndi theka la makilogalamu 50, ndiye gulani awiri. Madzi asachuluke. Anyamata amakonda kuisandutsa phala kuti isavute kuthira, koma yotero imauma yofooka. Thirani pang'onopang'ono mukusinja ndi chitsulo kuti mpweya utuluke, ndipo pamwamba muumbe kamtunda kotsetsereka kuchoka pa nsanamira, madzi asamakhale m'khosi mwake. Pamenepo, pamene chitsulo chakumana ndi konkire, ndi pomwe dzimbiri limadula nsanamira.

Levulo muiike mbali ziwiri zoyandikana za nsanamira, osati imodzi. Chirikizani ndi matabwa, ndipo dulani thabwa limodzi lofanana ndi mpata wa masentimita 103, muliyeze pansi ndi pamwamba pakati pa nsanamira ziwirizo. Muyezenso mukamaliza kuthira, chifukwa posinja zimasuntha.

Ndiye apa mupirire, Amayi. Geti lisapachikidwe asanathe masiku 7, ndipo masiku onsewo muzithirira konkire m'mawa ndi madzulo, n'kufunditsa ndi matumba onyowa. Mphamvu zake pafupifupi zonse imafika nazo pa masiku 28, koma pa 7 ikhoza kunyamula geti la makilogalamu 40. Amene akuti apachika tsiku lomwelo akufuna kungolandira ndalama ulendo umodzi. Ngati mukuopa kugona mpata uli pululu, tsekani kaye ndi malata akale.

Mayi wa ku Area 25

Zikomo kwambiri akuluakulu, ndamva. Nanga mahinjesi ndi loko? Ndimamva kuti akuba amatha kungonyamula geti lonse n'kulizula. Komanso litsegukire mkati kapena kunja?

Wowotcherera wa ku Ndirande

Zimachitikadi, ndipo n'zosavuta kupewa. Mahinjesi ozungulira aja timati a chipolopolo amalowetsana ngati chivundikiro, ndiye onse akayang'ana m'mwamba munthu amangokweza geti ndi chitsulo n'kulichotsa, loko ali chikhomere. Gulani atatu a mamilimita 20. Awiri apansi aimirire mwanthawi zonse kuti anyamule kulemera, lapamwamba alizondotse. Kapena awotcherere kachitsulo pansanamira, pamwamba penipeni pa hinjesi, kuti geti lisakwere. Lapamwamba likhale masentimita 15 mpaka 20 kuchokera kumutu, lapansi chimodzimodzi kuchokera kunsi. Onse atatu akhale pamzere umodzi, ayezedwe ndi chingwe. Limodzi likapatuka ngakhale pang'ono, geti limalira ndi kulimba potsegula, mpaka chowotcherera chimathyoka. Popachika aliike geti pa matabwa kapena njerwa, adontheze, ayese kutsegula, kenako amalize.

Chopendeketsa chija chichoke pangodya yapamwamba ya kumahinjesi kutsikira pangodya yapansi ya kuloko. Akalipentala amachita mosemphana pa zitseko zamatabwa, ndipo kwa iwo n'zoona, koma chitsulo chimalimba bwino chikamakokedwa.

Litsegukire mkati. Mahinjesi amabisika, ndipo simumenya munthu wodutsa m'kanjira. Pokhapokha ngati bwalo lanu ndi lokwera kulowera kunyumba: pamenepo yezani kaye pansi ponse pamene geti lidzadutse. Kunsi siyani mpata wa masentimita 5. Ukachepa geti limakodwa m'matope ndi timiyala, ukachuluka nkhuku ndi ana agalu azitulukira pomwepo. Pansanamira ya kuloko awotcherere kachitsulo kafulati kutalika konse, geti lizigunda pamenepo. Kamateteza mahinjesi kuti asakokeke ndiponso kamatseka mpata wolowetsa chitsulo chokanulira. Mpiringidzo ukhale wa mamilimita 16, ulowe m'nsanamira masentimita osachepera 3, ndipo bowo lake alikuze pang'ono m'mwamba ndi pansi poganizira makande aja. Loko amumangire kabokosi kachitsulo kotseguka kunsi kokha, kuti sowo kapena chodulira chisafike pakhosi pake. Kabokosi komweko kamamutchinjirizanso kumvula.

Wopenta, Salima

Musalole kuti geti lifike kwanu litapakidwa kale penti wakuda wonyezimira. Muone kaye zowotchererazo zili poyera: zikhale mzere wosalala, osati timibulu ngati zitosi za nkhuku, ndipo makoko onse otsala pamwamba pa zowotcherera agogodedwe. Penti amabisa zambiri, ngakhale mabowo omata ndi filler, phala lotsekera mabowo.

Tyubu yatsopano imabwera ndi mafuta. Pukutani ndi thinazi, palani dzimbiri ndi bulashi yawaya ndi sandipepa, kenako pakani red oxide, penti woyamba woteteza dzimbiri, kawiri, makamaka m'zowotcherera, kunsi kwa geti ndi mbali ya nsanamira yolowa pansi mpaka masentimita 15 pamwamba pa konkire. Mbali yoyang'ana kukhoma muipake nsanamira isanaimikidwe, chifukwa pambuyo pake bulashi siilowa. Pamwamba pake gloss, penti wonyezimira, kawiri, mopyapyala, kudikira tsiku lathunthu pakati.  Musapake kukuchita mitambo yamvula kapena chitsulo chitatentha ndi dzuwa lamasana, penti amatuwa kapena kuchita makwinya.

Mitu ya nsanamira ndi ya felemu itsekedwe ndi tizipuleti, ndipo kunsi kwa felemu aboole timabowo tiwiri ta mamilimita 6. Tyubu imachita thukuta mkati ngakhale yotsekedwa, madziwo akasowa potulukira amadya kuchokera mkati, inu n'kudzangoona penti akutupa. Pamene awotcherera mahinjesi penti adzapsa, ndiye apalenso ndi kupaka tsiku lomwelo. Girizi m'mahinjesi muziika kawiri pachaka, mu November mvula isanayambe ndi mu April ikamatha.