Thandizeni abale, nkhuni ndigule zochuluka bwanji?

Make Tamanda (Dzivarasekwa, ku Harare): Moni nonse a m'gulu muno. A admin pepani ngati funsoli si la pano, koma mutu wanga waima. Ndikufuna kugula nkhuni ndipo sindikudziwa kuti ndigule zochuluka bwanji. Chikhalireni sindinagulepo nkhuni zambiri, ndimangotenga timitolo ta dola imodzi kwa mayi wina kumsewu magetsi akathima, ndiye masiku ano akumathima 5 koloko m'mawa n'kudzayaka 10 koloko usiku tonse tili mtulo. Silinda yanga ya gasi ya makilo 9 anabwereka alamu anga mu February ati tibweza Loweruka, mpaka lero Lowerukalo silinafike. Ndikadandaula bambo a kunyumba akuti ndisawachititse manyazi pa abale awo. Chonsecho ndi alamu omwewo amene akuti za nkhunizi ndiyendetse ine poti ndine mkazi wamkulu pabanjapo, koma iwo aponya madola 20 okha, enawo pa WhatsApp angowerenga n'kukhala chete. Ndiye mayi a landilodi nawo ananena kale kuti safuna utsi pa zovala zawo, pomwe iwo amawotcha zinyalala pafupi ndi windo langa. Msana wanganso ukundivuta chibadwire Tamanda. Tsono pali anthu awiri. Wina ali ndi pikapu akuti "load" ya musasa madola 70. Wina wa ku Norton akuti "half cord" ya bulugama madola 45, adzatula pakhomo. Chabwino n'chiti, ndipo zikwana? Chonde osandinyoza.

Naphiri wa ku Tafara: Zikwana chiyani achemwali? Mukuphikira anthu angati, kwa masiku angati?

Mjomba wa Kombi: Kodi kodi ndi chiyani? Ine ndimadziwa kodi wofunsira funso basi 😂

Bambo a Yamikani (Mufakose): TAMVERANI KUNO. Ine ndawotcha fodya m'mabani zaka 19 pa famu ina kufupi ndi Marondera, nkhuni zadutsa m'manja mwanga muno kuposa zimene gulu lonseli lidzaone mpaka kufa. Cord ndi mulu woyalidwa bwinobwino, mafiti 8 m'litali, mafiti 4 m'lifupi, mafiti 4 kukwera. Amene munaphunzira za mamita ndi 2.4, 1.2 ndi 1.2. Theka lake ndi mafiti 4 mbali zonse. Umenewo ndi muyezo. Koma "load" SI MUYEZO. Wilibala ndi load, ngolo ya abulu ndi load, lole ndi load. Nkhuni zongoponyedwa m'galimoto zimaoneka ngati phiri, mukazitsitsa n'kuziyala zimaphwa ngati nkhwani mumphika. Ndiye mayi inu musapereke ndalama asanatsitse. Ayale inu mukuona, mutenge tepi. Ngati tepi mulibe, mafiti 4 ndi cha pachifuwa pa mayi wa msinkhu wabwino. Ana a masiku ano mumagula zinthu pa foni osaziona, mapeto ake kulira.

Mjomba wa Kombi: Nanga mayi wamfupi ayeze ndi chipumi?

Mnyamata wa Gasi (Kuwadzana): Amayi siyani za nkhuni, tili mu town muno. Gasi ndimabweretsa pakhomo, silinda zatsopano ziliponso. Inbox.

Admin: Malonda ndi Lachisanu lokha. Kachiwiri ndikuchotsani.

Make Junior (Epworth): Eee bulugama musandikumbutse. Chaka chatha mu January ndinagula ngolo yonse kwa mnyamata wina, pamwamba anaika zouma, pansi ponse zaziwisi zodula dzulo lake. Ukaika pamoto zimangolira tsiii, thovu kumatuluka kumapeto, utsi mpaka mwana wanga anayamba chifuwa. Nsima inakhala ola lathunthu isanawire, bambo ake Junior anakagona ndi tiyi. Mnyamatayo foni anathimitsa. Ndinamuona ku Domboramwari mwezi wa March, atangondiona anakhota. Mulungu amuone.

Bambo a Yamikani (Mufakose): Cholakwa ndi chanu mayi. Nkhuni yaiwisi pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndiye munagula madzi. Mukanasolola ya PANSI. Youma imapepuka, kumapeto imang'aluka, khungwa limakanganuka lokha, ndipo mukagundanitsa ziwiri zimalira ngwee. Yaiwisi imangoti phu. Komanso ndani amagula nkhuni mu January mvula ili pakati? Nkhuni timagula August, September, October, n'kuziika pa njerwa, pamwamba lata.

Make Junior (Epworth): Bambo inu ndinakupemphani kuti mundiweruze? Ine ndikuchenjeza mnzanga.

Anambewe (Highfield): Koma abale nonse mwasiya nkhani yeniyeni. Silinda ija. Achemwali valani chitenje, kwerani kombi, mukanyamule silinda yanu. Mlamu si Mulungu. Ine wanga anatenga makina osokera a Singer amene anandisiyira mayi anga, zaka zitatu ndikungoti mawa mawa, nditapita ndinapeza anagulitsa kalekale. Ukachita ulemu kwambiri kubanja la eni umasanduka chopondera.

Mjomba wa Kombi: Ine chandigwira mtima ndi "mkazi wamkulu." Wamng'onoyo bwanji osagula nkhuni ndi iyeyo? 🙈

Make Tamanda (Dzivarasekwa): Ayi ayi chonde, sindili pa mitala ine. Ndikutanthauza kuti amuna anga ndi oyamba kubadwa. Ndipo a Anambewe si kuti ndikuopa, kungoti alamuwo amakhala ku Chitungwiza, makombi awiri, ndiye ndi msana wangawu silinda ndingainyamule bwanji. Komanso tsiku lina anandinena kwa apongozi kuti ndimawerengera anthu chakudya, pomwe ndi ine amene ndinasunga mwana wawo miyezi isanu akulemba Form 4.

Naphiri wa ku Tafara: Achemwali mwayankha zonse koma langa lija ayi. Anthu angati?

Aphunzitsi (Mabvuku): Ndisanene zambiri, koma wa musasayo mufunseni chikalata. Kuno kunyamula kapena kugulitsa nkhuni zambiri kumafuna chilolezo cha Forestry Commission, lamulo lake ndi Statutory Instrument 116 ya 2012. Mukaona munthu akuti ndibweretsa usiku, dziwani kuti pali chifukwa. Akamugwira panjira nkhuni amalanda, ndipo ngati munalipiriratu ndalama yanu yapita. Bulugama ndi wobzala, ukamudula amaphukiranso pachitsa. Musasa ndi m'bale wake wa mombo wa kwathu uja, ndi mtengo wam'tchire, umatenga zaka zambiri kuti ukule. Taonani mmene tchire latheramo mukamapita ku Domboshava kapena ku Seke. Loweruka loyamba la December ndi tsiku lobzala mitengo dziko lonse lino, koma ndi angati muno munabzalapo ngakhale umodzi?

Bambo a Yamikani (Mufakose): Aphunzitsi, inu mumaphikira malamulo? Mayiyu wafunsa za moto. Kunena zoona MUSASA NDI MUNHONDO NDIYE NKHUNI. Zimayaka mofatsa, zimasiya makala oti m'mawa mungofukula phulusa n'kuuzira. Tsanya, amene kuno amati mupani, ndiye mfumu ya zonse, chikuni chimodzi usiku wonse, koma ameneyo ndi wa kumadera otentha, ku Harare kuno mukampeza ndiye kuti wayenda ulendo. Bulugama wouma bwino si woipa, ndavomera, mabani ambiri tinkawotchera yemweyo. Koma paini ndi udzu. Amangoti lawilawi, kuthetheka, mphika wakuda bii, basi watha.

Aphunzitsi (Mabvuku): Ndiye mabani anu omwewo ndi amene anamaliza mitengo, lero mukutiphunzitsa.

Bambo a Yamikani (Mufakose): Pa famu pathu tinali ndi munda wa bulugama ndi malasha ochokera ku Hwange. Musanditukwane. Fodya ameneyo ndi amene anakulipirirani sukulu inuyo, funsani bambo anu chimene anachokera ku Nyasaland.

Aphunzitsi (Mabvuku): Bambo anga ankagwira ntchito ku njanji.

Bambo a Yamikani (Mufakose): Njanjiyo inkanyamula chiyani?

Agogo a Mphatso (Mbare): Ana inu lekani kukangana. Ine langa ndi limodzi. June uno kukuzizira, musalowetse mbaula m'chipinda n'kutseka chitseko ndi mawindo. Mpweya wa makala sununkha, umangokugonetsa. Mnyamata wina amene ankachita lendi kuseri kwathu tinachita kuthyola chitseko, mwamwayi anatsitsimuka kuchipatala. Wothani panja, mukamalowa muthire madzi.

Achimwene a Matabwa (Glen View): Ngati ndalama yavuta bwerani kuno ku Area 8 kumene timapanga mipando, zidutswa za matabwa ndi utuchi zimapezeka motchipa, thumba lonse. Kungoti musankhe. Zopaka penti, za vanishi, chipboard, ndi mapolo aja onyikidwa m'mafuta akuda kapena obiriwira ndi mankhwala, zimenezo musaphikire, utsi wake ndi poizoni. Makamaka kuwotchera nyama.

Bambo a Yamikani (Mufakose): Paini yemwe uja. UDZU.

Nasibeko (Budiriro): Ine njira yanga ndi iyi. Gulani timitolo tanu tomwe tija masiku atatu, muwerenge kuti patsiku mukutha tingati. Muchulukitse ndi masiku amene mukufuna, muwonjezere pang'ono poti m'nyengo yozizira muno madzi osamba amadya nkhuni kuposa nsima. Kenako muyale timitolo khumi pakhoma muone kukula kwa mulu wake, mudziwa kuti "half cord" ija ndi timitolo tingati. Kwathu tilipo asanu ndi mmodzi, pa mafuwa wilibala yodzaza inkatha masiku anayi. Nditagula kambaula kadothi konga Chitetezo mbaula ka kumudzi kaja imafika sabata. Kuno kulinso tsotso stove, ya timitengo ting'onoting'ono. Ndipo nyemba muzinyika madzulo, vundikirani mphika, mphepo itchingeni.

Make Tamanda (Dzivarasekwa): Zikomo a Nasibeko koma nyemba sitiphika. Apongozi anena kuti nsima, mpunga, nyama ya ng'ombe, nkhuku ndi kabichi, ndiye thobwa migolo iwiri poti a ku Dedza akufika Lachinayi ndi basi yodzera ku Nyamapanda. Masiku atatu oyeserawo ndilibe.

Naphiri wa ku Tafara: Migolo iwiri?? A ku Dedza?? Achemwali kodi kuli chiyani kwanuko?

Make Tamanda (Dzivarasekwa): Ndi chiliza cha malemu apongozi aamuna, Loweruka likubwerali ku manda a ku Mbudzi, anthu akadyera kwathu. Ndimayesa ndinanena.

Mjomba wa Kombi: Munanena za msana, za windo, za Form 4. Za chiliza tikumva kumene 😂😂 Adiresi chonde, thobwa ndimamwa.

Nasibeko (Budiriro): Mayo ine, ndataya nthawi ndi kambaula kanga.

Bambo a Yamikani (Mufakose): INE NDINADZIWA KALE. Munthu safunsa za cord chifukwa cha tiyi. Tsono mverani. Mgolo wa malita 200 sufuna tinkhuni towaza, umafuna ZIKUNI, zonenepa ngati ntchafu, zitatu zolowetsa pansi n'kumazikankha pang'onopang'ono. Towaza ndi ta mpunga ndi ndiwo. Muwauze ogulitsawo asakanize, ndipo pakhale nkhwangwa ndi mnyamata. Maliro a mkulu wanga mu 2008, nthawi imene ndalama inali mapepala chabe, ndinayendetsa ndekha, anthu anadya mpaka kutsala, palibe anadandaula. Tengani zonse ziwiri, musasa ndi bulugama.

Aphunzitsi (Mabvuku): Madola 115 pomwe mayiyu wapatsidwa 20. Ndipo za chikalata zija zili pomwepo.

Anambewe (Highfield): Ndiye chiliza cha bambo AWO, nkhuni mugule inu, silinda atenge iwo? Achemwali mukandipatsa nambala ya alamu anuwo ndiwaimbira ndekha.

Make Dalitso (Mufakose): Pepani ndachedwa, ndinali kumsika. Ine ndimaphika nawo pa zochitika ndi amayi a Chigwirizano kumpingo kwathu. Chimene chimamaliza nkhuni si nsima ayi. Choyamba ndi thobwa, poti mumaphika phala, lizizire, muthire chimera, mawa lake muwiritsenso, ndiye mgolo uliwonse ukhala pamoto kawiri. Chachiwiri ndi moto wa azibambo. Alendo akafika Lachinayi ndiye kuti usiku wa Lachinayi, Lachisanu, mwina ndi Loweruka adzakhala panja akuotha mpaka tambala, ndipo amasonkhezera ngati nkhuni n'zaulere. Nkhuni zophikira muzibise kuseri, iwo muwapatse zitsa ndi zikuni zokana nkhwangwa. Chachitatu madzi osamba a alendo. Ife mwezi watha tinaphikira anthu ngati 120, mgolo umodzi wa thobwa, pikapu imodzi yoyalidwa bwino inatha Loweruka masana, tinathamangira mitolo ina kumsewu. Mukumbe ngalande yaifupi muike miphika motsatizana m'malo mwa mafuwa osiyanasiyana, moto umodzi umagwira miphika itatu. Koma landilodi wanu uja mwamuuza?

Make Tamanda (Dzivarasekwa): Sindinawauze. Ndimati bambo a kunyumba anene ndi iwo koma akuti ndi nkhani ya azimayi.

Make Junior (Epworth): Wa ku Norton uja musolole za pansi, ndapota nanu.

Mnyamata wa Gasi (Kuwadzana): Masitovu aakulu a gasi a pa zochitika ndimabwereketsanso.

Admin: Ndamuchotsa.

Naphiri wa ku Tafara: Achemwali, kachitatu tsopano. Anthu angati?

Make Tamanda (Dzivarasekwa): Mndandanda uli ndi alamu, ndiye sakuyankha foni chifukwa ndinatchula za silinda.

Bambo a Yamikani (Mufakose): Chiwerengero n'chosafunika, pa chiliza saitana munthu, Dzivarasekwa yense abwera. Funso ndi lakuti chimera mwagula cha chiyani? Chifukwa ngati ndi cha mapira a ku Mbare Musika ogayitsa kale aja, a ku Dedza akakunenani mpaka Khirisimasi. THOBWA NDI MAWERE. Ine mayi anga ku Linthipe ankafesa okha kuseri kwa khola.