Kodi mkazi angasumire abwana a mwamuna wake amene wavulala pantchito?

Nabanda wa ku Ndirande:
Ndikupempha nzeru kwa odziwa malamulo. Bambo a kunyumba kwathu anaduka zala zinayi za dzanja lamanja pa makina odulira matabwa ku fakitale ina kuno ku Blantyre, ndipo anzawo akuchitira umboni kuti chotchingira cha makinawo chinachotsedwa kalekale pofuna kuti ntchito izifulumira. Akuluakulu a kampaniyo atitumizira ndalama pang'ono ya chipepeso pamodzi ndi chikalata choti bambowo asayine, koma iwo akuopa kulimbana ndi abwana awo poganiza kuti angachotsedwe ntchito. Popeza ine ndi ana ndife amene tikuvutika ndi lendi ndi fizi, kodi lamulo lingandilole kukasuma m'dzina langa?

Bambo Phiri, Lilongwe:
Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zakugwerani. Pamene wovulalayo ali moyo ndipo nzeru zake zikugwira bwino, mlanduwo ndi wake, choncho inu simungaulowe m'malo mwake ngakhale kuti mavuto ake akugwerani nonse. Wachibale amaimira munthu kukhoti ngati wovulalayo ali mwana kapena ngati ngoziyo yamusokoneza ubongo moti sangathe kudziyankhulira.

Komabe amuna anu ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi ya lamulo la Workers' Compensation Act la chaka cha 2000, limene limakakamiza olemba ntchito kupereka chipukuta misozi kwa wovulala pantchito popanda kufunsa kuti wolakwa ndani. Nkhaniyi imayambira ku ofesi ya leba ya m'boma lanu, dokotala amayeza kuti chilemacho ndi chachikulu motani, kenako Workers' Compensation Commissioner, mkulu wa boma woona za chipukuta misozi cha ovulala pantchito, amawerengera ndalamazo. Munthu amene walumala kotheratu, moti sangagwirenso ntchito ina iliyonse, amalandira malipiro a miyezi 54, pomwe woduka zala amalandira gawo la ndalamazo molingana ndi muyezo wa dokotala. Njira yachiwiri ndi yosumira kampani kukhoti chifukwa cha kusasamala, ndipo apa nkhani ya chotchingira ija ndi yolemera kwambiri, pakuti lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limafuna kuti makina oopsa azikhala otchingidwa. Mlandu wotere uyenera kulowa m'khoti pasanathe zaka zitatu chichitikireni ngozi. Chikalata chimene akutumiziranicho asasayine kufikira loya atachiwerenga, chifukwa mwina mwalembedwa mawu akuti nkhani yatha ndipo sadzafunanso kanthu.

Nachisale wa ku Mulanje:
Ndifuna kuwonjezera za imfa, poti ambiri amasokoneza nkhani ya imfa ndi ya kuvulala. Mlamu wanga anamwalira atagwa pa nyumba yosanja imene ankamanga, ndipo apo m'pamene banja linakhala ndi ufulu wakewake. Lamulo la chipukuta misozi limapereka malipiro a miyezi 42 kwa amene ankadalira malemuyo pa zonse, kutanthauza kuti ngati ankalandira K150,000 pamwezi, ndalamazo zimakwana K6,300,000. Kupatula apo, lamulo la Statute Law (Miscellaneous Provisions) Act limalola kuti pakhale mlandu wofuna kulipira mkazi, mwamuna, ana ndi makolo chifukwa chotaya thandizo limene ankalandira, ngati imfayo inadza chifukwa cha kusasamala kwa abwana.

Chimene chinandipweteka mtima n'chakuti achibale ena akuchimuna, amene sanaguleko ngakhale thumba la chimanga pakhomopo, anafika msanga kudzafunsa gawo lawo. Ndalama zotere cholinga chake n'kulera ana amene atsala ndi kuthandiza amene ankadyera m'manja mwa malemuyo, ndiye mayi wamasiye asachite manyazi kukafotokoza ku ofesi ya leba kapena kwa a DC kuti ankadalira malemuyo ndi ndani.

Che Jafali, Mangochi:
A Phiri afotokoza bwino za malamulo, koma sindikufuna kuti mayiwa achoke pano akuganiza kuti palibe chimene angachite. Mlandu ndi wa amuna anu, inde, koma umboni mungausonkhanitse ndinu, makamaka pamene iwo akudwala ndiponso ali ndi mantha. Sungani buku la kuchipatala, malisiti a mankhwala ndi a mayendedwe, mapepala a malipiro a miyezi yapitayi, komanso mayina ndi manambala a foni a anzawo amene anaona chotchingiracho chitachotsedwa, pakuti anthu amasintha ntchito ndipo ikadzafika nthawi ya khoti mudzavutika kuwapeza. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani nawo ku Legal Aid Bureau, imene boma linakhazikitsa kuti izithandiza anthu osowa. Ponena za mantha ochotsedwa ntchito, lamulo la Employment Act la 2000 silivomereza kuchotsa munthu chifukwa chakuti wadandaula kapena wasumira abwana ake, ndipo zikachitika, imeneyo ndi nkhani ina yokatula ku Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya pantchito.

Nabanda wa ku Ndirande:
Zikomo kwambiri nonse. Ndawawerengera bambo mayankho anuwa ndipo avomera kuti chikalatacho sasayina. Lolemba tikayamba ku ofesi ya leba, kenako tikaonana ndi a Legal Aid tili ndi mapepala onse a kuchipatala.