Denga la nyumba ya Agogo ku Toronto

Azakhali (Toronto): Moni nonse. Phokoso limene Agogo akhala akulimva usiku ndi la raccoon wamkazi (nyama yakutchire ya kuno ku Canada yoyenda usiku, yokulirapo kuposa mphaka), amene anang'amba pamene denga limakumana ndi khoma n'kukakhala pamwamba pa siling'i. Wamwazamwaza thonje lotchinga kuzizira, ndipo mkodzo wake wathimbiritsa siling'i ya kuchipinda chogona. Tigwirizane chochita sabata ino.

Amalume (Hamilton): Zikomo achemwali. Ndibwera Loweruka ndi msampha kuti ndikamutaye kutali, ndipo bowolo titseka tsiku lomwelo.

Alamu (Scarborough): Pepani alamu, njira imeneyo itibweretsera mavuto ena. Lamulo la m'chigawo chathu chino cha Ontario limati nyama yogwidwa pakhomo imasulidwe pasanathe maola 24, pamalo osapitirira kilomita 1 kuchokera pamene yagwidwa. Chachikulu n'chakuti uno ndi Epulo, nyengo imene nyamazi zimaswa, ndipo kulira konga kwa mbalame kumene Agogo akumva n'kwa ana ake. Tikachotsa make, anawo afera m'denga ndipo fungo lidzathawitsa Agogo m'nyumba. Tikangomutsekera kunja, aphwasula pena kuti awapeze, pakuti zala zake zimakanganula ngakhale matabwa ofooka ndi zivundikiro za mabowo a mpweya. Tiitane akatswiri amene amatulutsa anawo ndi manja, kuwaika m'bokosi lofunda panja kuti make awasamutse yekha, ndi kuika kachitseko kotulukira kokha kosalola kubwerera.

Amalume (Hamilton): Ndamva, msampha ndausiya. Komabe chumuni ndi mabowo a mpweya ndidzatchinga ndekha ndi waya wolimba nyamazo zikatuluka, kuti tisalipire kawiri. Aliyense asazigwire, chifukwa kuno ku Hamilton chiwewe chinapezeka mwa nyama zimenezi mu Disembala 2015.

Mdzukulu (Mississauga): Ndikupempha kuti ana aang'ono asapite kwa Agogo mpaka titayeretsa. Ndowe za raccoon zimakhala ndi mazira a njoka zam'mimba zimene zingawononge ubongo ndi maso a munthu, ndipo mazirawo safa ndi mankhwala wamba oyeretsera koma ndi madzi owira. Oyeretsa avale magolovesi ndi zotchinga pamphuno, ndipo thonje loipitsidwalo litayidwe lonse.

Achimwene (Lilongwe): Ife akuno sitingakwere dengalo, koma nyumbayo ndi imene timafikira tonse tikabwera. Azakhali, mutiuze mtengo mukalandira, ndipo tiugawane mofanana pa mabanja onse.

Azakhali (Toronto): Ndifunsa mitengo kumakampani awiri mawa, ndipo ndiwauza kuti ayang'anenso mawaya a magetsi. Alamu, mudule nthambi imene yatsamira denga, ndiponso muone loko ya bini yobiriwira yotayamo zotsala za chakudya, imene yasiya kugwira. Chovuta chatsala n'chimodzi: Agogo amasiyira mphaka chakudya pakhonde usiku uliwonse, ndipo ine ndawaletsa koma sakundimvera. Amalume, inu amakumverani, choncho muwaimbire lero madzulo.

Amalume (Hamilton): Ndiwaimbira ndikaweruka kuntchito.