Ana athu tiwaphunzitse bwanji za ndalama pa tchuthi cha Disembala?

Anaphiri, Mufakose

Moni nonse. Ine ndimayang'anira achinyamata kumpingo kwathu, ndipo akuluampingo andipempha kuti sukulu zikatsekera mu Disembala ndisonkhanitse ana a zaka 12 mpaka 16 kwa milungu iwiri, m'mawa mokhamokha, n'kumawaphunzitsa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, kasungidwe kake ndi njira zozichulukitsira. Ndavomera ndi mtima wonse, koma pali chinthu chimodzi chimene chikundisowetsa tulo. Bambo anga, amene anabwera kuno ku Zimbabwe kuchokera ku Dedza akadali mnyamata, anagwira ntchito zaka zoposa 30 akudulidwa ndalama ya penshoni mwezi ndi mwezi, koma pofika mu 2009 zonse zimene anasonkhazo zinali zitasungunuka ngati mchere m'madzi. Mpaka lero m'Baibulo mwawo muli ndalama yapepala ya ku Zimbabwe, pepala la madola 100 thiriliyoni limene amaika pamene alekezera kuwerenga. Ana amene ndikawaphunzitsewo amamva nkhani zoterezi m'makomo mwawo. Ndiye ndikaima pamaso pawo n'kunena kuti azisunga ndalama, kodi sindikhala ndikuwasocheretsa? Ndithandizeni nzeru, ndiyambire pati?

Abanda, mphunzitsi wopuma, Highfield

Mayi, yambirani pa pepala lomwe lili m'Baibulolo. Kapempheni kwa bambo, mupite nalo tsiku loyamba, ana aligwire ndi manja awo ndi kuwerenga maziro ake onse 14, kenako muwafunse chifukwa chimene pepala la nambala yaikulu chotero linalepherera kudyetsa banja. Yankho lake ndiye phunziro lalikulu kuposa onse, lakuti mphamvu ya ndalama sili pa nambala yolembedwapo koma pa zinthu zimene ingagule.

Musawabisire mbiri ya dziko limene akukuliramo. Pepala limenelo linatuluka mu Januwale 2009, ndipo pasanapite nthawi dziko linasiya ndalama yake n'kuyamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America ndi randi. Mu 2016 kunabwera mapepala a ndalama otchedwa ma bond note amene ankati ndi ofanana mphamvu ndi dola, mu 2019 kunabwera ndalama ina ya dziko lino yotchedwa dola ya RTGS, ndipo mu Epulo 2024 kunabwera ndalama yatsopano yotchedwa ZiG, imene inayamba pa 13.56 pa dola imodzi ya ku America koma pofika kumapeto kwa Seputembala chaka chomwecho inatsitsidwa mphamvu n'kupitirira 24. Mwana wa zaka 15 wadutsa kale m'ndalama zingapo asanalembe ndi mayeso a O Level omwe, ndipo ali ndi ufulu wodziwa chimene chimachitika: ndalama zikachuluka m'dziko pamene katundu sakuwonjezeka, mitengo imakwera ndipo wosunga ndiye amapsa. Achibale athu ku Malawi anaziona zofanana mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti.

Ine ndikanapatsa mwana aliyense kope, n'kumutuma kukalemba mtengo wa buledi, shuga, mafuta ophikira ndi ufa m'sitolo yaikulu komanso pa takishopu ya pafupi ndi kwawo, m'madola ndi mu ZiG momwe. Akayerekeza mitengoyo, funso lakuti ndisunge m'chiyani adzalifunsa okha, ndipo pamenepo kusunga kudzakhala ndi tanthauzo.

Anachisale, Mbare

Zimene anena aphunzitsizi ndi zoona, komabe ndikuopa kuti mukachulukitsa mbiri ya mavuto ana adzatuluka ndi mtima wakuti ndalama ndi yodyeratu lero poti mawa siidziwika. Mtima umenewo ndimauona tsiku ndi tsiku kumsika ndipo ndi umene wagwetsa mabizinesi ambiri kuposa kukwera mitengo kwa zinthu.

Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi, ndipo phunziro limene ndinachedwa kulidziwa ndi kusiyanitsa mpamba ndi phindu. Mwana wanga wamkazi nditamusiyira benchi kwa sabata imodzi, madzulo anabwera akumwetulira ndi ndalama zodzaza m'chikwama, akuganiza kuti zonsezo ndi zopindula. Tinakhala pansi ndi pensulo n'kuchotsa mtengo wa bokosi limene tinapikula ku Mbare Musika m'mamawa, ya wonyamula pa ngolo, ya mapepala okulungira, ndi milu itatu imene inaphwanyika pansi pa bokosi. Chimene chinatsala chinamukhumudwitsa, koma kuyambira tsikulo sadyanso mpamba.

Choncho agaweni anawo m'magulu a anthu asanu, gulu lililonse lipatsidwe madola ochepa, ligule maputi (chimanga chokazinga chophulika) kapena mafiriziti n'kumagulitsa pabwalo la tchalitchi, ndipo pakhale mlembi wolemba zolowa ndi zotuluka. Phindulo azisonkha m'kabokosi ngati mukando, umene kwathu timati banki m'khonde. Muwauzenso za katapila, amene kuno amati chimbadzo. Munthu akakongola madola 10 pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pamwezi n'kulephera kubweza, mwezi woyamba imakhala 13, wachiwiri 16.90, wachitatu yatsala pang'ono kukwana 22. Masamu amenewo awerengere okha pa bolodi.

Achisi, wowerengera ndalama pakampani, Dzivarasekwa

Ndikugwirizana ndi makolo anga awiri alankhulawa, koma ndipemphe kuti nkhani ya masheya isasiyidwe poganiza kuti ndi ya anthu olemera a ku Borrowdale okha. Mwana aliyense amadziwa zakumwa za Delta, ndipo n'zosavuta kumufotokozera kuti kampaniyo ili pa msika wa masheya wa Zimbabwe Stock Exchange, kuti wogula sheya amakhala mwini wa kachigawo kakang'ono ka kampaniyo, ndipo ikapindula angathe kugawiridwako. Kusiyana kwake ndi ndalama yosungidwa pansi pa matiresi n'kwakuti kuseri kwa sheya kuli fakitale, magalimoto ndi katundu weniweni. Muwatchulirenso Victoria Falls Stock Exchange, imene inatsegulidwa mu 2020 ndipo malonda ake amachitika m'madola a ku America, komanso kuti masiku ano munthu angathe kugula masheya pa foni kudzera pa C-Trade.

Musawagulitse masheya enieni ayi. Apatseni madola 100 ongoyerekezera, asankhe makampani atatu, ndipo m'mawa uliwonse aziona mitengo n'kulemba. Ena adzaluza, ndipo zimenezo n'zofunika kuti adziwe kuti sheya imatsikanso.

Chimene ndikuchilimbikira kwambiri ndi chenjezo la mabizinesi achinyengo a pa WhatsApp olonjeza kuti ndalama iwirikiza pa milungu iwiri. Msuweni wanga anatumiza ndalama ya fizi pa foni ku gulu lina lotere, analandira kawiri koyamba, ndipo atawonjezera yambiri eni ake anazimiririka. Oyamba amalipidwa ndi ndalama za obwera pambuyo, ndiye olowa akachepa zonse zimagwa. Ana aphunzire kufunsa funso limodzi asanapereke ndalama kulikonse: phindu limeneli likuchokera pa malonda anji?

Anaphiri, Mufakose

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Sabata yoyamba tidzayamba ndi pepala lija ndi makope a mitengo, kenako magulu a malonda, ndipo masheya ongoyerekezera adzayenda limodzi ndi zonsezi mpaka tsiku lomaliza. Mayi Anachisale, ngati n'kotheka ndikupemphani mudzabwere tsiku limodzi ndi kope lanu la kumsika, chifukwa ana adzakumverani kuposa ine. Dzulo madzulo ndinakapempha pepala lija kwa bambo. Anakhala chete kanthawi, kenako anati sabwereketsa, koma adzabwera nalo okha kuti adzawauze anawo ndi pakamwa pawo.